Mphindi 15 za kachipangizo, maola 72 a mwana wasukulu

 

Pa 14 Seputembala 2022, unduna wa zaumoyo ku Maputo pamodzi ndi bungwe la WHO analandira uthenga wakuti munthu wapezeka ndi kolera. Uthengawo unachokera kuno, m'boma lathu la Lago. Mliri umene unadzafalikira m'zigawo zambiri za Mozambique, makamaka namondwe wa Freddy atagumula zitsime ndi zimbudzi kumayambiriro kwa 2023, mbiri yake yolembedwa imayambira pa gombe lino. Kutsidya ku Malawi kolera inali itabuka kale mu Malichi 2022 ku Machinga, ndipo pomadzazirala inali itatenga anthu opitirira 1,700. Alipo amene amachita manyazi dzina la Lago likamatchulidwa pa nkhani imeneyi. Ine sindichita nalo manyazi. Dzina lathu lili m'mabukumo chifukwa wina wake pakati panu anaona wodwala, anazindikira chimene akuona, analemba, natumiza uthenga kwa akuluakulu osabisa. Akanati akhale chete poopa kuipitsa dzina la boma, mankhwala othira m'madzi ndi mahema a odwala zikanafika maliro atachuluka kale.

Lero ndikufuna tikambirane zinthu ziwiri zimene poyamba zimaoneka ngati sizigwirizana. China ndi tizipangizo tating'ono toyezera matenda timene tafika mpaka m'midzi mwathu. China ndi nkhanza zimene zimachitikira ana athu m'masukulu ndi m'nyumba zogona ophunzira, zimene sizinenedwa ndipo sizilembedwa paliponse. Ziwirizi zimakumana pa nkhani ya nthawi. Kuyeza matenda masiku ano sikuchedwanso. Amene tikuchedwa ndife.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira mmene zinalili. Nyanja ino ndiyo inali msewu wa mankhwala. Amishoni a UMCA, amene anamanga ku Likoma ndi ku Messumba, anaika pamadzi sitima ya Chauncy Maples mu 1901, ndipo inkayenda doko ndi doko itanyamula ansembe, aphunzitsi ndi mabokosi a mankhwala. Wodwala ankadikira sitima. Ngakhale lero lino, munthu wa ku Cobué akadwalika, kuwoloka kupita ku chipatala cha St Peter's ku Likoma kumamufupikira kusiyana ndi kukwera mapiri onsewa kukafika ku Lichinga. Ife a pa Metangula tomwe, kuti tikafike ku chipatala chachikulu cha chigawo, ndi mtunda wopitirira makilomita 100.

Kudziwa ngati munthu ali ndi malungo kunali kovuta kuposa kumufikitsa ku chipatala. Kuyambira mu 1880, pamene dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria, njira inali imodzi kwa zaka zoposa 100: maikulosikopu, kagalasi, utoto wopaka magazi, kuwala kokwanira, ndi diso la munthu wophunzitsidwa. Zonsezi sizikanapezeka pa doko lililonse. Ndiye lamulo losalembedwa linali lakuti thupi likatentha ndi malungo basi, imwani kolorokwini. Ena anachira, ena anamwa mankhwala a matenda amene analibe, matenda enieniwo akuwadya.

Zinthu ziwiri zinasintha m'chaka chimodzi. Mu 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo aziyamba wayezedwa asanalandire mankhwala. Chaka chomwecho boma la Mozambique linadzutsanso ntchito ya ma APE, azaumoyo a m'midzi, imene inayamba mu 1978 koma nkhondo ya zaka 16 ija inaigwetsa. Kuyambira pamenepo kuyeza magazi kunatuluka mu labotale n'kulowa m'chikwama cha munthu wa m'mudzi momwemo.

Nonse mwaonapo zimenezi, komabe ndiloleni ndizifotokoze pang'onopang'ono, chifukwa tazolowera mpaka sitizizwanso nazo. APE wakhala pakhonde, mayi wamasula mwana kumbuyo. Ang'amba kapaketi, atulutsa ka TDR koyezera malungo, kapulasitiki koyera kosaposa chala kutalika, alembapo dzina la mwana ndi nthawi. Avala magolovesi, apukuta chala cha mwanayo ndi thonje la sipiriti, adikira chiume, abaya ndi kasingano. Mwana alira. Kadontho kamodzi ka magazi kalowa m'kabowo kake, madontho a m'kabotolo alowa m'kabowo kena, ndipo kufiira kuyamba kuyenda pang'onopang'ono pa kawindo. Pakatha mphindi 15 kapena 20, malinga ndi mtundu wake, yankho latuluka. Mzere umodzi, palibe malungo. Mizere iwiri, malungo alipo, ndipo Coartem, amene abale athu a kutsidya amati LA, ayambika pomwepo. Kachipangizo kameneka mtengo wake sufika ndi dola imodzi yomwe, sikafuna magetsi, ndipo kakuchita ntchito imene agogo athu ankaidikirira sitima. M'chigawo ngati chathu, mmene kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la ana osakwana zaka zisanu ali ndi malungo m'magazi, chimenechi si chinthu chochepa ayi.

Koma kachipangizo kali ndi malire ake, ndipo amene akagwiritsa ntchito ayenera kuwadziwa bwino. Sikaona kachilombo kenikeni. Kamafufuza chinthu china chimene kachilombo ka malungo kamatayira m'magazi, chotchedwa HRP2. Zili ngati munthu wofika pa doko masana n'kupeza mamba pamchenga: adziwa kuti pano panali nsomba, koma sadziwa ngati ikadali m'bwato kapena inadyedwa dzana. HRP2 imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira. Choncho mwana amene anamaliza Coartem sabata yatha, lero watenthanso thupi, akhoza kuonetsa mizere iwiri pomwe chikumupweteka ndi china. APE wosamala amafunsa kaye kuti, “Kodi mwanayu wamwa mankhwala anji mwezi uno?”

Vuto lalikulu limabwera mzere ukatuluka umodzi. Apa ndi pamene timamva mawu aja: “Mwana thupi moto chonchi, inu mukuti alibe malungo? Kamakina kanuko n'konama.” Mayi achoka wokhumudwa, akagula mapiritsi kumsika, kapena namwino mwini, pofuna kuti asakangane ndi munthu, apereka Coartem ngakhale teste yakana. Ndimawamvetsa onse awiri, koma ndikunenetsa kuti ana ambiri timawataya pamenepa. Mzere umodzi sutanthauza kuti mwana ali bwino. Ukutiuza kuti tifufuze kwina msanga. Chibayo chimatentha thupi chimodzimodzi. Ndipo chida choyezera chibayo n'chotchipa kuposa TDR: wotchi ndi maso. Vulani mwana malaya, akhale bata, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika ka 40, akupuma mothamanga ndipo akufunika amoxicillin. Nthiti zikamalowa mkati popuma, musagone naye pakhomo. Pamene pali kachipangizo kopana chala koyeza mpweya m'magazi, nambala ikatsika pansi pa 90 ndiye kuti bwato kapena njinga yamoto ipezeke nthawi yomweyo. Kalamba koyezera mkono kaja nako n'chimodzimodzi: kakafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera koopsa ngakhale akuseka.

Palinso za kasungidwe. Ma TDR sagwirizana ndi kutentha. Bokosi limene lakhala pansi pa malata opanda siling'i mwezi wa Novembala, kapena layenda tsiku lonse pamwamba pa katundu m'boti dzuwa likuswa mtengo, likhoza kupereka mayankho olakwa. Mzere wotsimikiza kuti teste yagwira ntchito ukapanda kutuluka, teste imeneyo yafa, itayeni mutenge ina. Ndipo tizilombo nato tikusintha. Ku Peru, kenako ku Eritrea, kunapezeka tizilombo ta malungo tosatulutsa HRP2, moti teste inkakana munthu ali ndi malungo enieni. Mu 2016 dziko la Eritrea linasiya ma TDR a mtundu umenewo. Anadziwa bwanji? Ogwira ntchito m'zipatala anadandaula kuti teste ikukana koma maikulosikopu ikuonetsa tizilombo, ndipo dandaulo lawo linamveka. Inu ma APE, mukaona zachilendo zotere zikubwerezabwereza, musangoti ndi tsoka la bokosi limenelo. Lembani, mukanene.

Kulemba kumeneku ndiko kumandisangalatsa kwambiri pa ntchito ya zaumoyo, ngakhale anamwino mumadandaula kuti makaundula akukudyerani nthawi. Sabata iliyonse chipatala chilichonse chimatumiza ziwerengero za matenda ofalikira mu fomu yotchedwa BES: chikuku angati, kutsekula m'mimba angati, kolera angati. Ngakhale sabata imeneyo pasapezeke wodwala ndi mmodzi yemwe, amalemba ziro natumiza, kuti akuluakulu asiyanitse malo opanda matenda ndi malo amene angokhala chete. Njira yomweyi ndi imene inatulutsa uthenga wa kolera mu 2022, ndiponso wa mpox umene unapezeka m'boma lino mu Julayi 2025. Kolera ili nako kachipangizo kake koviika m'chimbudzi cha wodwala, koma yankho lake ndi chenjezo chabe, labotale ndiyo imatsimikiza. Chimene chimapulumutsa mudzi ndi liwiro la uthenga.

Kuti muone kukula kwa nkhani ya nthawi, tamvani zimene akatswiri a dziko lathu lomwe lino anapeza. Dr Ilesh Jani ndi anzake a ku Instituto Nacional de Saúde anasindikiza kafukufuku mu 2011 wokhudza kamakina konyamulika koyezera CD4, chitetezo cha m'thupi cha anthu amene ali ndi HIV. Magazi akamatumizidwa ku labotale yakutali, anthu 64 mwa 100 alionse ankasowa asanayambe ma ARV. Kamakinako kataikidwa m'chipatala momwemo, osowawo anatsika kufika pa 33. Mankhwala anali omwewo, anamwino omwewo. Chimene chinachoka ndi mawu akuti “mubwerenso”. Mu 2018 anaonetsanso zofanana kwa makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV: oyezedwa pomwepo, pafupifupi 90 mwa 100 mwa opezeka nako anayamba mankhwala pasanathe masiku 60, pomwe odikira yankho la kutali anali 13 okha. Munthu wa kuno, amene “mubwerenso” amatanthauza kulipiranso boti kapena kuyenda tsiku lathunthu m'mphepete mwa nyanja, safunika kumufotokozera chifukwa chake.

Ndikanakonda kukhalitsa pa likodzo, limene timasamba nalo, kuchapa nalo ndi kukoka nalo makoka tsiku ndi tsiku, ndipo kapepala koviika mu mkodzo kamaonetsa magazi amene maso saona. Ndikanakondanso kukamba za GeneXpert, imene imapeza chifuwa chachikulu pasanathe maola awiri koma imafuna magetsi osazimazima. Zimenezo tidzakamba tsiku lina. Tsopano nditembenukire kwa inu aphunzitsi ndi makolo.

M'chipatala muli nambala ina imene mwana wasukulu aliyense wa m'boma lino anayenera kuidziwa ngati dzina lake: maola 72. Munthu akagwiriridwa, pali mankhwala oteteza kuti kachilombo ka HIV kasakhazikike m'thupi, amene ena amati PEP, anamwino athu amati PPE. Amamwedwa masiku 28, koma ayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndipo kufulumira kwake ndi komwe kumawapatsa mphamvu. Asanaperekedwe, namwino amayeza HIV pobaya chala, mphindi zochepa chabe. Amayezanso mimba ndi kachipangizo ka mkodzo, napereka mapiritsi oletsa mimba angozi, amene amagwira ntchito mpaka masiku asanu koma bwino kwambiri m'masiku oyambirira. Amapereka mankhwala a matenda ena opatsirana, nalemba zimene waona pathupi, zomwe zidzakhale umboni. Zonsezi zimatheka pasanathe ola limodzi. Tizipangizo tilipo, ndi totchipa, tikudikira m'kabati.

Nanga maola 72 aja amathera kuti? Tiyeni tiwatsate. Mtsikana wa giredi 9 amene amagona kunyumba yogona ophunzira, kapena wachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu chifukwa kwawo n'kutali, chamuonekera Lachisanu usiku. Usiku umenewo salankhula ndi munthu. Asamba, achapa chitenje, afunda kumutu. Loweruka akuti mutu ukumupweteka. Lamulungu madzulo aulula kwa mnzake, namulumbiritsa kuti asauze wina. Maola 48 apita. Lolemba mnzakeyo alimba mtima nauza mayi woyang'anira atsikana, mayiyo akuti nkhani yotere sangaisenze yekha, adikire mkulu wa sukulu, amene wapita ku msonkhano. Lachiwiri aitana makolo. Atsibweni afika Lachinayi, akumana ndi akuchimuna, akambirana za chindapusa. Pa anthu onsewa palibe amene anali ndi mtima woipa, aliyense anachita zimene anaona kuti ndi mwambo wake. Koma chitseko cha mankhwala chinatsekeka Lolemba usiku, ndipo palibe anatchulako chipatala.

Mawu amene amadya maola amenewa timawadziwa tonse. “Tisaononge mbiri ya sukulu.” “Za m'nyumba sizituluka kubwalo.” “Anafuna yekha, taonani kavalidwe kake.” “Mphunzitsiyo ali ndi banja, mukufuna ana ake adye chiyani?” Ndipo pali mawu ena amene amanenedwa motsitsa, mwana ali yekha ndi munthu amene wagwira cholembera cha mayeso: “Ukafuna kukhoza chaka chino, ukudziwa chochita.” Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2019 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa 7 alionse mu Mozambique anachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18. Anyamata nawonso zimawachitikira, ndipo iwo ndiye amabisa koposa. Werengani atsikana a m'kalasi mwanu, aphunzitsi, mugawe ndi 7, kenaka mudzifunse kuti sukulu yanu inalemba nkhani zingati chaka chatha.

Sindikudabwa kuti ana amaopa. Kwa zaka 15 lamulo lenileni la unduna wa maphunziro, Despacho 39/GM/2003, linkachotsa mtsikana woyembekezera m'kalasi ya masana n'kumutumiza ku sukulu ya usiku. Mwana ankaona ndi maso kuti kuulula kumagwetsa iye mwini. Lamulolo linachotsedwa mu Disembala 2018, ndipo mu 2019 kunabwera Lei 19/2019 yoletsa kukwatiwitsa ana osakwana zaka 18, moti kuthetsa mlandu pomupereka mtsikana kwa amene wamulakwira tsopano ndi mlandu pawokha. Ku polisi kuli ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Pali foni yothandiza ana ya Linha Fala Criança, nambala 116, yaulere, ndipo nambala yomweyo imagwiranso ntchito ku Malawi. Malamulo asintha. Mantha amene lamulo lakale linabzala sanazuke.

Tsopano ndikuuzeni za kutali pang'ono. Mu Epulo 1986, mtsikana wa zaka 19, Jeanne Clery, anagwiriridwa ndi kuphedwa m'chipinda chake chogona pa yunivesite ya Lehigh, ku Pennsylvania m'dziko la America. Wopha anali wophunzira mnzake. Makolo ake atafufuza anapeza kuti pa sukulupo panachitika milandu yachiwawa 38 m'zaka zitatu zapitazo, ndipo ophunzira ndi makolo sanauzidwe. Anati akanadziwa sakanamutumiza kumeneko. Analimbana mpaka mu 1990 kunakhazikitsidwa lamulo limene lero limadziwika ndi dzina la mwana wawoyo. Limakakamiza makoleji olandira thandizo la boma kusunga kaundula wa milandu, kuchenjeza ophunzira pakakhala choopsa, ndi kufalitsa ziwerengero chaka chilichonse pofika pa 1 Okutobala.

Sindikunena kuti lamulo limenelo linathetsa nkhanza, kapena kuti tikope za ku America momwe zilili. Kumeneko nako masukulu amabisa. Mu 2019 yunivesite ya Michigan State inalipitsidwa madola 4.5 miliyoni chifukwa chophwanya lamuloli. Ndipo lili ndi msampha umene tiyenera kuuona tisanaugwere: sukulu yonena zoona imaoneka yoipa, yobisa imaoneka yoyera. Koma mfundo yake ya pakati ndi yolondola, ndipo si yachilendo kwa ife. Ndi yomwe ija namwino wa ku Cobué amatsata sabata iliyonse podzaza BES. Choopsa chimene chikuyenda pakati pa anthu chiyenera kuwerengedwa ndi kunenedwa kwa amene chingawagwere. Ngati timatha kutero ndi chikuku, chikutiletsa n'chiyani kutero ndi munthu amene amagogoda pa zitseko za atsikana usiku?

Pempho langa ndi ili. Sukulu iliyonse ya m'boma lino, makamaka za sekondale ndi zimene zili ndi malo ogona, ikhale ndi kaundula wa zoipa zochitikira ophunzira: kugwiririra, kufunsira ana kwa aphunzitsi kapena ogwira ntchito, kumenyana kovulaza, kuba m'zipinda zogona, kuopsezedwa panjira yopita kunyanja kapena kokatunga madzi. M'kaundula woonetsa anthu musalembedwe dzina la mwana, ngakhale chizindikiro chimene anthu angamudziwire. Pamudzi pano tonse timadziwana, ndipo mwana amene dzina lake lamveka pamsika wavulazidwa kawiri. Mulembedwe mtundu wa nkhani, mwezi, ndi chinthu chimodzi chimene ndikuchiona chofunika kuposa zonse: kodi mwanayo anafika ku chipatala pasanathe maola 72, inde kapena ayi? Kumapeto kwa teremu iliyonse ziwerengerozo ziwerengedwe pamaso pa komiti ya sukulu, Conselho de Escola, mmene muli makolo ndi mafumu. Ngati palibe, anene kuti ziro, ndipo makolo akhale ndi ufulu wofunsa kuti ziroyo yachokera pati.

Kaundula yekha sangakwanire ngati khomo lolowera ndi limodzi. Mwana amene walakwiridwa ndi mphunzitsi sangakanene kwa mnzake wa mphunzitsiyo amene amadyera naye limodzi. Pafunika khomo lachiwiri kunja kwa mpanda wa sukulu, ndipo khomo limenelo tili nalo kale: namwino ndi APE. Mwana amatha kupita kwa APE osafunsidwa mafunso ndi anthu, poti aliyense angoganiza kuti wapita kukayezetsa malungo. Inu ma APE simusunga PPE m'zikwama zanu, koma mumadziwa kutumiza wodwala, ndipo mumadziwa kusunga chinsinsi. Mwana wotere mumutenge ngati mmene mumatengera khanda lokomoka: ulendo uyambike lero. Ndipo inu anamwino, chonde musabweze mwana kuti akayambe watenga kalata ku polisi. Muyezeni, mumupatse mankhwala, kenaka mumuthandize kukafika ku polisiko. Mlandu udzazengedwa ngakhale patapita mwezi, koma mankhwala sadikira.

Mafumu athu, ndikudziwa kuti mtendere wa mudzi uli m'manja mwanu, ndipo kuyanjanitsa mabanja ndi ntchito imene mwaigwira kuyambira kale. Sindikukulandani udindo umenewo. Ndikupempha kuti nkhani yotere ikafika pabwalo panu, funso lanu loyamba likhale lakuti, “Kodi mwanayu wapita kale ku chipatala?” Ngati sanapite, bwalo liime. Mawu anu amodzi akhoza kutulutsa boti pa doko pamene mayi wa mwanayo akanatha tsiku lonse akupempha. Mwezi wa mwera, nyanja ikakalipa, ulendo wa maola atatu umasanduka wa masiku awiri, ndiye mudzi uliwonse wakutali ndi chipatala ugwirizaniretu za mafuta a injini ndi mwini boti amene angadzutsidwe usiku. Midzi ina imachita kale zimenezi kwa amayi oyembekezera. Thumba lomwelo litumikirenso ana awa. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ana athu ena akamaliza kuno amapita ku Lichinga ku Universidade Rovuma, ena ku Unango ku UniLúrio, ena kumaphunziro a uphunzitsi ndi unamwino. Mwana amene wakula akumva ziwerengero zikuwerengedwa poyera pa sukulu ya kwawo adzafika kumeneko akudziwa kuti kufunsa ndi ufulu wake. Ndipo amene adzabwerere kuno ngati mphunzitsi adzapeza kuti kusunga kaundulayo ndi gawo la ntchito, monga kuitana mayina m'mawa.

Mawu anga omaliza apite kwa akuluakulu a SDEJT ndi a SDSMAS, maofesi oyang'anira maphunziro ndi zaumoyo m'boma lino. Chaka choyamba ziwerengero zidzakwera. Sukulu imene inkati kulibe kanthu idzanena nkhani zisanu, ina khumi. Musadzaitane mkulu wa sukulu imeneyo kuti mumudzudzule kapena kumusamutsa, chifukwa mukadzatero kamodzi kokha, masukulu onse adzabwerera ku ziro wabodza ndipo sitidzawatulutsakonso. Amene muyenera kukamuyendera ndi uja wa ophunzira mazanamazana amene teremu ndi teremu akuti kwake kulibe ngakhale foni yobedwa. Kumbali ya chipatala, onetsetsani kuti ma teste a HIV, a mimba ndi PPE sakutha m'zipatala zoyandikana ndi masukulu, ndipo pakhale wina wodziwa kuwapereka Loweruka ndi Lamulungu lomwe, poti zambiri zimachitika masiku amenewo. Maofesi onse awiri muli pano lero. Ndikupempha kuti tisanabalalike mugwirizane amene adzasonkhanitse makaundulawo, ndipo mutiuze tsiku limene tidzamve ziwerengero zoyamba.